Mafilimu "opanda mutu" tisawanyoze

Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhepo pa zimene ndimamva kawirikawiri kuno ku Salima, zoti mafilimu oseketsa amene nkhani yake ilibe mutu weniweni ndi achibwana. Posachedwapa mkulu wina pamsonkhano wa makolo anafika ponena kuti nyumba zoonetsera mavidiyo zileke kuonetsa "zamisala" zimenezi. Mawuwo anandikhudza.

Ine ndakulira ku Senga Bay. Mwera ukavuta, maboti n'kugona pamtunda masiku angapo, asodzi amadzazana m'kanyumba ka vidiyo, jenereta ikulira kuseri. Filimu imene ndawaona akuipempha mobwerezabwereza ndi The Gods Must Be Crazy, ya mu 1980, imene anapanga Jamie Uys wa ku South Africa. Botolo la Coca-Cola lagwa kuchokera m'ndege m'chipululu cha Kalahari, layambanitsa anthu amene sankadziwa kulimbirana katundu, ndiye bambo wina akunyamuka kukalitaya kumathero a dziko. Anthu anailoweza pamtima. Land Rover yopanda mabuleki ya m'filimumo isanayambe n'komwe kutsetsereka, nyumba yonse yafa kale ndi phwete. Koma mvetserani potuluka. Wina amati, "Botolo lija ndi injini ya boti imene inadanitsa ana a malemu uje." Kodi munthu wolankhula chonchi wangotaya nthawi?

Ku Britain nakonso, amene anapanga Monty Python and the Holy Grail mu 1975 ndalama zinawachepera moti akavalo sakanawakwanitsa. Ochita sewerowo ankangodumphadumpha ngati akwera kavalo, wina pambuyo akugogodetsa zigoba za kokonati. Mpaka lero anthu akuionerabe, ndipo chimene amakumbukira kwambiri ndi zigobazo.

Chimene chimandidabwitsa n'chakuti ife Achewa nthabwala zoterezi si zachilendo. Kubwalo la Gule Wamkulu, Simoni akatulukira ndi nkhope yake yofiira, akunyang'wa ngati mzungu, amayi amaseka mpaka misozi, chikhalirecho aliyense akudziwa amene akunenedwa. Kalulu wa m'nthano amapusitsa Njovu ndi nzeru zosatheka, agogo osapepesa. Izeki ndi Jakobo anatiseketsa zaka zambiri ndi mikangano yopanda pake, koma tinkadzionamo tokha.

Zoti ana asukulu amalowa m'mavidiyo nthawi ya maphunziro, kapena kuti pena amaonetsa zolaula, n'zoona ndipo zimandipweteka monga kholo. Mafumu ndi makomiti a sukulu akhwimitse pamenepo. Mlandu umenewo si wa botolo la ku Kalahari.

Pempho langa likupita kwa opanga mafilimu athu. Nkhani za ufiti, chigololo ndi kulanda chuma cha amasiye zakwana, ndipo zonse zimathera pa ulaliki. Bwerani kuno kunyanja ndi kamera. Khalani pagombe m'mawa umodzi, mumve mmene asodzi ndi amayi ogula usipa amanyogodolerana pa mtengo wa chigoba chimodzi, ndipo mudzabwerera ndi filimu m'manja.

Wowerenga wanu,
Senga Bay, Salima