Ana azigwira sayansi ndi manja, osangokopera manotsi

Akonzi,

Ndine kholo kuno ku Chibavi ndipo zimandipweteka kuona ana athu akuloweza sayansi ngati vesi ya Sande sukulu, akafunsidwa chifukwa chake ndiye zii. Aphunzitsi ambiri amati palibe labu, inde nzoona, koma zinthu zina mwana wa Sitandade 5 atha kupanga tsiku limodzi ndi zomwe zili kukhitchini konkuno.

Tatengani chidede muwiritse, madzi ofiira aja muwathire m'makapu awiri. Mwinamo mufinyiremo ndimu, afiira kwambiri, mwinamo muike soda yemwe uja timathira mu therere, muona akuda nkuyamba kubiriwira. Apo mwana waona yekha kusiyana kwa asidi (ndimu) ndi alikali (soda), saiwalanso ameneyo! Soda yemweyo mukamuthira mu botolo muli viniga nkuvundikira baluni kukamwa kwa botololo, baluni imafufuma yokha ndi mpweya wa carbon dioxide, ana amachita kukuwa ndithu.

Nanga mvula ya Mzuzu nayo, botolo lodula pakati ndi lula basi, ana ayeza yomwe yagwa usiku. Sefa ya madzi ndi botolo, timiyala, mchenga ndi makala, matope amatsalira m'mwamba, koma chonde auzeni kuti madziwo asamwe osawiritsa poti tizilombo timadutsabe.

Ndikupempha ma hedi ndi makomiti a makolo kuti Lachisanu lina pa temu alipatule, makolofe mabotolo ndi soda tibweretsa tokha.

Kholo lokhudzidwa,
Chibavi, Mzuzu