Kalata yotseguka kwa Mkulu wa MBC: jambulani mboni za mbiri yathu zikadali moyo

Bwana Mkulu,

Ndine mphunzitsi wa mbiri pa sukulu ina ya sekondale m'boma la Ntcheu. Pempho langa ndi limodzi: tulutsani makamera ku situdiyo zanu za ku Kwacha apite kumidzi, akajambule anthu amene adaona ndi maso awo zimene ife timangowerenga m'mabuku, ndipo muziwaonetsa pa kanema sabata ndi sabata.

Agogo anga aamuna adagwirapo ntchito m'migodi ya ku Joni pa Wenela, bungwe lomwe linkalemba anthu ntchito za m'migodiyo. Madzulo tikuwotha moto ankatisimbira za mdima wa pansi pa nthaka, za sutikesi yomwe mudzi wonse unkasonkhanira kudzaona ikatsegulidwa, komanso za 1974, pamene ndege yonyamula anthu a m'migodi idagwa ku Francistown ku Botswana n'kupha Amalawi oposa 70, a Kamuzu Banda n'kuletsa Wenela kulembanso anthu kuno. Agogowo adatisiya, mawu awo adapita nawo kumanda. Ophunzira anga akandifunsa kuti amayi otsala pamudzi ankalima bwanji okha, ndimayankha ndi zidutswa za zomwe ndidamva ndili mwana.

Inu mukudziwa kuposa ine kuti kanema wa dziko lino adayamba mu 1999, pamene wailesi ya MBC idalipo kuyambira 1964. Choncho nyengo yonse ya chipani chimodzi, kalata ya maepiskopi ya pa 8 Marichi 1992, referendamu ya pa 14 Juni 1993 ndi chisankho cha 1994, zonsezi zidadutsa tilibe kanema wathuwathu. Zithunzi zambiri za nthawiyo zili m'mitu mwa anthu, ndipo anthuwo akutha.

Tangoganizani za Nkhata Bay. Pa 3 Marichi 1959 asilikali a boma la atsamunda adawombera anthu padoko, pamene khamu lidasonkhana kufuna abale awo omangidwa amene adakwezedwa m'sitima ya Mpasa. Amene adali mnyamata kapena mtsikana tsiku limenelo lero wadutsa zaka 80. Chaka chilichonse timaona akuluakulu akuika nkhata za maluwa, ndipo n'koyenera kutero. Koma ndimalakalaka gogo wa ku Nkhata Bay atakhala pakhonde pake, atapatsidwa mphindi 30 zathunthu, afotokoze m'Chitonga chake yemwe adaima pambali pake, komwe adathawira, ndi momwe maliro adayendera. Mawu omasulira m'Chichewa alembedwe pansi, iye asadulidwe pakamwa.

Nkhani zotere zili ponseponse. Ku Mangochi alipo okumbukira mkangano wa nduna wa 1964 ndi kuukira kwa a Henry Chipembere mu 1965. Alipo amene adagona kundende ya Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu. Alipo a Mboni za Yehova amene adathawira ku Sinda Misale ku Zambia mu 1972. Ku Nsanje, Mwanza ndi Dedza kuli midzi yomwe idagawana minda ndi zitsime ndi othawa nkhondo a ku Mozambique, amene chiwerengero chawo chidafika pafupifupi miliyoni imodzi. Nkhani imeneyi ndi yonyaditsa, koma ophunzira anga ambiri saidziwa.

Ndikudziwa kuti zina mwa izi zimawotcha. Imfa ya a Dick Matenje, a Aaron Gadama, a Twaibu Sangala ndi a David Chiwanga ku Thambani mu 1983 imakhudza chipani china. Anthu ophedwa pa zionetsero za pa 20 Julayi 2011, ena mwa iwo ogona ku Zolozolo ku Mzuzu, amakhudza chinanso. Ndiye chifukwa chake ntchitoyi ikuyenera wailesi ya tonse, yoyendera misonkho yathu, osati ya chipani. Jambulani onse. Mufunsenso amene adali a Payoniya ndi a Yufi omwe ankaima pachipata cha msika kufunsa khadi la chipani. Nawonso ndi agogo a winawake, ndipo mwana wa lero ayenera kumva kuchokera pakamwa pawo chomwe chinkawachititsa zimenezo.

Za ndalama musaope kwambiri. Kamera imodzi, maikolofoni abwino, galimoto, ndi mtolankhani wodziwa kudekha pofunsa munthu wamkulu, n'zokwanira kuyambira. Mukajambula, zonse, ndi zimene simudaulutse zomwe, mukasungitseko ku National Archives ku Zomba. Zoulutsidwazo muziziikanso pa YouTube ndi Facebook, pakuti ophunzira anga ambiri kwawo kulibe kanema, koma foni imapezeka, ndipo ine ndingathe kuwaonetsa m'kalasi.

Ngati n'kotheka, yambirani ku Nkhata Bay, kuti pa 3 Marichi ikubwerayi tidzamve mawu a munthu amene adalipo padoko paja. Mukadzafika ku Ntcheu, tidzakuperekezani kwa madoda otsala a Wenela.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa mbiri, Ntcheu