Kalata kwa achemwali: malata 14 ndi kochi wa Cubs

South Bend, Indiana
20 October 2025

Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Amayi muwapatse moni. Kuno kwayamba kuzizira, masamba akuyoyoka. Malipiro ndalandira Lachisanu, koma sabata ino sinditumiza kalikonse mpaka timvane pa nkhani ya malata.

Mu August ndinatumiza madola 700 pa nambala ya chisamba chanu. Tinawerengetsera limodzi pa foni kuti zigule malata 32 a geji 28, a mafiti 10, ma ridge 5, misomali ya malata makilogalamu 5, zotsala zikhale za kalipentala. Pa chithunzi chomwe alamu anditumizira ndawerenga malata 18. Alamu akutinso ukawanyamula pakati akupindika, ndiye kuti amenewo ndi a geji 30 kapena 32, poti nambala ikamakwera lata limapyapyala. Malata 14 ali kuti? Ndipo ndalama yotsala pogula otchipawo ili kuti?

Mwandiuza kuti mnyamatayo akumachezera pa foni mpaka tambala kulira. Sabata yatha wanditumizira ine voisi yodandaula kuti kochi wa Chicago Cubs ndi mbuli, sadziwa kusankha osewera. Mwana wa ku Lizulu, baseball anaionera kuti? Gemu ikayamba 8 koloko madzulo kuno, kumeneko imakhala 2 koloko usiku. Palibe amene angadzuke nthawi imeneyo kutsatira masewero omwe sanagwirepo ndi ndodo yake yomwe, pokhapokha ataikapo ndalama. Akubetcha ameneyo. Mwina anayamba ndi kandege, pano wafika kuno. Zotsatirazi mumuwerengere mokweza, alamu ali pomwepo, chifukwa nkhani ya makochiyi ndimaimva tsiku ndi tsiku, kuntchito komanso pa wailesi ya 670 The Score ya ku Chicago, komwe anthu amaimba foni kutukwana kochi kuyambira mmawa.

Timu iliyonse imasewera magemu 162 kuchokera kumapeto kwa March kufika kumapeto kwa September, pafupifupi tsiku lililonse. Chaka chino yomwe inawina kwambiri ndi Milwaukee Brewers, magemu 97, koma inagonjabe 65. Colorado Rockies, ya kumchira, inagonja 119 koma inawinabe 43. Ndiye kuti ngakhale timu yofoka kwambiri imagwetsa mnzake kamodzi pa magemu anayi alionse. A kubetchawo amadziwa zimenezi. Akaika 1.90 uku ndi 1.90 uku, iwe n'kuponya K1,000 mbali zonse ziwiri, watulutsa K2,000 koma ubweza K1,900. Ukamanga tikiti ya magemu asanu otere, mwayi woti onse alowe ndi umodzi pa 32. Kochi sanalowepo m'masamu amenewa.

Kochi wamkulu kuno amati manager, ndipo ntchito yomwe amamutukwanira kwambiri ndi imodzi: woponya mpira, amene amaponyera womenya ndi ndodo wa timu inayo, amutulutse liti. Timu imakhala ndi osewera 26, ndipo oponya asapitirire 13. Asanu ndi oyambitsa gemu, amasinthana. Woyambitsa amaponya mipira 90 kapena 100 mwamphamvu zake zonse, kenako mkono umafuna masiku anayi kapena asanu opuma. Enawo ndi opokera, amadikira m'khola lawo lotchedwa bullpen, ndipo aliyense amaponya chigawo chimodzi kapena ziwiri pa zigawo 9 za gemu yonse, zomwe amati ma inning. Malamulo awiri ndiwo amamanga kochi manja. Amene watulutsidwa sabwereranso gemu imeneyo. Ndipo kuyambira 2020, wolowa ayenera kukumana ndi omenya atatu, kapena kutsiriza inning, asanasinthidwe. Ukalowetsa munthu amene mkono wake sunadzuke bwino tsikulo, uzingoyang'ana akumumenya. Pali chinanso chomwe a masamu a m'matimu anapeza: womenya akamakumana ndi woponya yemweyo kachitatu mu gemu imodzi, amakhala wamuzolowera, wadziwa momwe mpira ukukhotera. N'chifukwa chake makochi a masiku ano amatulutsa munthu akadaoneka wamphamvu, ndipo apa ndi pomwe ochemerera amapsera mtima.

Ndisanaiwale, mankhwala a BP a amayi asadikire kutha. Akatsala a sabata imodzi, mtsikanayo apite nawo kuchipatala ndi buku lawo. Ndalama ya kabaza ndinaiphatikiza mu September, musandiuze kuti nayonso inalowa ku malata.

Kochi amene mwana wanu akumunyozayo ndi Craig Counsell. Anabadwira muno mu South Bend ndipo anaphunzira pa yunivesite ya Notre Dame, ndiye anthu kuno amamukamba ngati mwana wa pakhomo. Mu November 2023 a Cubs anachotsa David Ross n'kumutenga iyeyu ku Brewers, pa mgwirizano wa zaka 5 wa madola 40 miliyoni. Madola 8 miliyoni pa chaka, ndalama yomwe panthawiyo palibe kochi wa baseball anali atalandirapo. Chaka cha 2024 timu inawina 83 n'kugonja 79, chimodzimodzi ndi momwe Ross anathera 2023. Funso la ochemerera linali lomwe ndikufunsa inenso: ndalama yonseyi yagula chiyani? Pamene Brewers, yomwe anaisiya m'manja mwa Pat Murphy, mphunzitsi wake wakale wa pa Notre Dame, inatenga malo oyamba m'chigawo chawo zaka zonse ziwiri.

Chaka chino Cubs inawina 92, m'magemu olimbirana chikho inatulutsa San Diego Padres, kenako inakumana ndi Brewers yomweyo, wowina magemu atatu apitirire. Pa 4 October, gemu yoyamba, Counsell anayambitsa Matthew Boyd atapuma masiku atatu okha. Boyd sanatsirize ngakhale inning yoyamba. Brewers inagoletsa ma run 6 pomwepo, ndizo zigoli za masewerowa, gemu inatha 9-3. Mkangano wake mpaka lero sunathe. Ena akuti munthu wa zaka 34, amene anachitidwa opaleshoni ya chigongono mu 2023, sumufulumizitsa chotero, makamaka pa gemu yotsegulira. Ena akuti kochi akanatani, poti pa oyambitsa enawo Cade Horton anali atavulala nthiti, Shota Imanaga anali akupatsa motsatizana ma home run, mipira yomenyedwa mpaka kudumpha mpanda n'kukhala chigoli, ndipo Boyd pa gemu ya Padres anatuluka msanga, mu inning yachisanu. Amakumbutsanso kuti Nico Hoerner, amene kawirikawiri salakwitsa, anaphonya mpira wosavuta mu inning yomweyo, moti pa ma run 6 aja, 2 okha ndi omwe anawerengedwa kuti ndi mlandu wa Boyd. Ine ndikuona kuti apa odandaula ali ndi mfundo, chifukwa Boyd yemweyo atapuma mokwanira anayambitsa gemu yachinayi ku Wrigley Field osapatsa run ngakhale imodzi, Cubs n'kuwina 6-0.

Koma gemu yachisanu, ya pa 11 October, yomwe ndikuganiza kuti ndi pomwe panathera malata anga, kochi alibe mlandu. Anagawa ntchito kwa opokera kuyambira ndi Drew Pomeranz, Imanaga anamusiya pa benchi, ndipo onse pamodzi anangopatsa ma run atatu. Omenya ndiwo anagona. Run imodzi yokha, ya Seiya Suzuki. Mu inning ya 6 anali ndi anthu awiri pa ma base, malo oimapo podikira kukagoletsa, palibe amene anali atatuluka, omenya odalirika atatu akubwera, koma Kyle Tucker, Suzuki ndi Ian Happ anabwerera chimanjamanja. Kochi samenya mpira.

Feteleza musadikire wa makuponi. Ndikatumiza, mugule matumba awiri a NPK wokulitsa ndi awiri a Urea wobereketsa, a makilogalamu 50, m'sitolo yopereka risiti, osati wa m'ndowa pa msika, amasakaniza ndi mchenga. Thumba mulione msoko wake musanalipire. Muwasanje pa matabwa m'chipinda cha amayi, kiyi asunge amayi. Chizimalupsa chisakupusitseni kudzala. Ndikaganiza kuti pano mango ayamba kupsa kuseri kwa khola, ndipo ine ndikugula limodzi lolimba gwa pa mtengo woti kumeneko ndi beseni, mtima umandipweteka, koma tisiye zimenezo.

Mumuuze mnyamatayo kuti kutukwana kochi si chizindikiro chakuti ukudziwa masewero. Mu 2003 Grady Little wa Boston Red Sox anasiya Pedro Martinez kuti apitirize mu inning ya 8 atatopa, akutsogola 5-2 pa gemu yomaliza ndi New York Yankees. Yankees inabweza zonse n'kuwina mu inning ya 11, Little ntchito inamuthera. Mu 2020 Kevin Cash wa Tampa Bay Rays anachita zosiyana. Blake Snell anali ataponya mipira 73 yokha, atagwetsa omenya 9, akutsogola 1-0 pa gemu ya 6 ya World Series, fainolo ya chikho, koma Cash anamutulutsa poopa kachitatu kaja. Wopokerayo anapatsa ma run awiri nthawi yomweyo, Los Angeles Dodgers n'kutenga chikho. Wina anamunena chifukwa chosiya, wina chifukwa chotulutsa. Joe Maddon anabweretsa chikho ku Cubs mu 2016, choyamba chichokereni 1908, koma mpaka lero akuluakulu ena kuno amamunenabe kuti anatopetsa wopokera Aroldis Chapman pomulowetsa gemu ya 6 timu ikutsogola 7-2, mawa lake Chapman n'kupatsa home run ya Rajai Davis yomwe inafananitsa gemu. Anthu amenewa anakulira m'bwalo, amadziwa mbiri ya wosewera aliyense, koma mawa gemu ithera bwanji sadziwa. Nanga iye wa pa foni ya ngongole?

Ndipo ngati atatha Cubs anathamangira kuika pa Brewers kuti abweze zotayika, zapitanso. Timu imene inawina Dodgers magemu onse 6 omwe anakumana m'chaka, sabata yathayi yagonja 4-0 kwa Dodgers yomweyo, ikugoletsa run imodzi imodzi gemu iliyonse. Mumufunse bwino ngati sanakongole kwa anthu a katapila, ndisadzamve mbuzi zagwidwa.

Chomwe ndimakonda pa masewerowa n'chakuti chilichonse chimalembedwa. Mpira uliwonse woponyedwa, liwiro lake, amene analakwitsa, zonse zili poyera, ndipo gemu ikatha kochi amakhala pamaso pa atolankhani kuyankha chifukwa chomwe anachitira zomwe anachita, awine agonje. Kwathu madola 700 alowa m'nyumba, palibe ndi kapepala komwe. Inunso achemwali ndikudandaulireni. Munaona malata akubwera ochepa mu September, munakhala chete. Mwana ndi wanu, ndikudziwa, koma ndi wanganso, ndipo pa mbumba imeneyi woyankha milandu yake ndine.

Ndiye tichite chonchi. Foni yakeyo alamu aitenge lero, atsegule Airtel Money, ajambule mameseji onse kuyambira tsiku lomwe ndalama inalowa mu August, anditumizire pa WhatsApp. Ngati wafufuta, apite naye ku ofesi ndi chitupa chake akapemphe sitetimenti. Ndikufuna kuona tsiku ndi ndalama iliyonse yomwe inatuluka, ndi komwe inapita. Musamumenye, musamuyaluse kwa amfumu, ndi nkhani ya m'nyumba. Koma pa zolandira ndalama ndamutulutsa, ndipo lamulo lake ndi lomwe lija, wotuluka sabwereranso. Inuyo mulembetse nambala yanuyanu m'dzina lanu, PIN musauze mwana aliyense, ngakhale mtsikanayo.

Malata 18 opyapyalawo musawakhome pa nyumba yaikulu. Kusakaniza mageji pa denga limodzi kumavuta, opyapyala amayamba kung'ambika pa msomali mphepo ikawomba, ndipo dzimbiri limayambira pomwepo. Apite pa khitchini ndi pa bafa. Nyumbayo muifunditse pepala la pulasitiki pamwamba pa zipupa, mutsindire ndi njerwa, kuti mvula yoyamba isasungunule dothi la m'mizere. Kalipentala mumuuze adikire, ndipo matabwa awachotse padzuwa asanapindike. Za geji 28 ndidzalipira ndekha kusitolo, inu mudzangopita ndi ngolo kukatenga, muwerenge limodzi limodzi asanakweze.

Mnyamatayo chaka chino alima ekala ya kudambo yekha, kuyambira kugalauza mpaka kukolola, ndipo chimanga chake tidzawerengera pa malata 14 aja. Akakana mundiimbire ali pomwepo, Lamlungu 7 koloko madzulo nthawi ya kumeneko ndimakhala ndilipo. Amayi musawauze zonsezi mpaka BP yawo ayezetse.

Ndine mlongo wanu,
ku Indiana