Zosambira limodzi za ku Korea, ife tomwe tinkachita pa Bua

Akonzi,

Ndipatseniko kampata ndiyankhe anthu ena kuno kwa Kamwendo omwe akumunena mwana wa mlongo wanga amene ali pasukulu ku Seoul, ati mtsikanayu wataya khalidwe chifukwa anafotokoza pa gulupu yathu ya WhatsApp kuti anakasamba ku jjimjilbang. Ine atsibweni ake sindikuonapo mlandu.

Jjimjilbang ndi nyumba yosambiramo aliyense, zambiri sizitseka usana ndi usiku. Ukalipira pakhomo amakupatsa kiyi wa loka, kathawulo, kabudula ndi malaya ofanana ndi a anzako onse. Kosambako amayi kwawo abambo kwawo, ndipo inde umavula zonse, zolowa m'madzi utamanga chitenje pachifuwa kulibe, komanso usanaviike phazi m'dziwe lotenthalo umayamba wasamba ndi sopo pa shawa apo ayi agogo akumeneko akuthira diso lakuthwa. Mtsikanayu akuti poyamba manyazi anamugwira, nanga wakhungu lakuda anali yekha, koma mayi wina wachikulire anangomukodola nkuyamba kumukwecha kumsana ndi kansalu kokhakhala kamene amati Italy towel, litsiro kuchita kupotana ngati munthu sanasambepo chibadwire. Ukatha umavala yunifomu ija nkupita pa holo ya onse, kukhala pansi pofunda bwino, kumadya mazira ootcha nkumatsitsira sikhye, chakumwa chotsekemera cha mpunga, ena mpaka kugona konko.

Ndiye chachilendo nchiyani apa? Ife takula tikusamba pa Bua, amayi dooko lawo abambo lawo, wodutsa ankayamba wakuwa kuti "kumadziko!", mwala wokwechera mapazi tinkabwerekana ndipo kumsana ankakutsuka ndi mnzako. Timabafa ta malata tabwera liti?

Zoseketsa nzakuti anthu omwewa ndi amene anachemerera mtsikanayu atatumiza chithunzi atavala hanbok, siketi yaitali yoyambira pachifuwa ija amati chima ndi kajekete kakafupi, jeogori, ati eee koma ndiye ulemu. Ovala zaulemuwo ndi omwewonso osambira limodzi aja.

Pa zovalazi pokha anthu aku Korea atiposa nzeru. Ku Gyeongbokgung, nyumba yachifumu yomwe inamangidwa mu 1395, wovala hanbok amalowa ulere pomwe ena amalipira 3,000 won (ndalama za kumeneko), ndiye mashopu obwereketsa zovalazi ali mbwee kunja kwa mpanda, achinyamata ndi alendo omwe kulimbirana kujambulitsa. Kuno abambofe malaya a chitenje timawakumbukira pa chinkhoswe kapena popita ku Kulamba kwa Gawa Undi basi, masiku enawa ndi kaunjika yekhayekha. Inu a zokopa alendo, bwanji osayesako pa geti ya Kasungu National Park, wobwera atavala zosokedwa kuno muzimuchotserako mtengo, matelala athuwa apezeko ya sopo.

Wowerenga wanu,
Kamwendo, Mchinji