Kwa Tamanda, za makatuni akowo

Mwana wanga Tamanda,

Kuno ku Nkhotakota tili bwino, kungoti mwera wakula sabata ino moti asodzi angokoka mabwato kumtunda. Amayi ako akuti moni.

Zimene unanena pa foni zija zandisowetsa tulo. Ukuti usiya kujambula makatuni chifukwa anzako akuti ndi zachibwana, ndiponso ngakhale ku ma Oscar, mphotho zazikulu za mafilimu za ku America, sawawerengera.

Za ma Oscar sindikutsutsa. Mphotho ya makatuni paokha inayamba kuperekedwa mu 2002, ndipo inapita kwa Shrek. Ambiri anaomba m'manja, koma ine ndimaona ngati anawayalira mkeka wawo kuseri kwa nyumba, monga timachitira ndi ana pa ukwati kuti akuluakulu adye bwino. Pa mphotho yaikulu ija ya filimu yoposa onse, makatuni atatu okha ndi amene analowapo m'gulu lopikisana: Beauty and the Beast mu 1992, Up mu 2010 ndi Toy Story 3 mu 2011. Pa mphotho imeneyo onsewo anabwerera chimanjamanja. Gulu lalikulu mwa ovota ndi la ochita zisudzo, ndiye filimu yomwe simukuoneka nkhope ya mnzawo ingawagwire mtima bwanji? Chilungamo palibe pamenepo.

Koma iwe ndinakuona ndi maso anga pa Khrisimasi, uli pa kompyuta mpaka tambala woyamba, kuti kambuzi kako kangonyamula mwendo bwino. Unandiuza kuti sekondi imodzi imatha kudya zithunzi 24. Wosema bwato sangaitche ntchito yotero kuti masewera.

Taona zimene zinachitika mu 2025. Filimu ya Flow, yochokera ku Latvia, dziko la anthu osakwana 2 miliyoni, inagonjetsa makampani akuluakulu a ku America n'kutenga Oscar ya makatuni. Anaipanga ndi Blender, pulogalamu yaulere yomweyo imene iwe umagwiritsa ntchito. Mulibe mawu a munthu ngakhale amodzi: mphaka ndi nyama zinzake ali m'bwato, madzi asefukira. Nanga ife a kunyanja, amene tinaonapo madzi akulowa m'nyumba usiku, tingasowe chonena?

Akati za ana, kumbukira kuti nthano za Kalulu amakamba ndi akulu. Agogo ako akayamba kuti "Padangokhala", ngakhale ife abambo a ndevu tinkayankha "Tili tonse", chifukwa m'kati mwake munali nkhani za njala, za dyera, za mfumu yopondereza anthu.

Choncho usasiye. Ntchito ya kuofesi igwirebe kuti uzipeza ya lendi, koma madzulo akhale a makatuni. Ndipo mwezi wamawa ubwere ndi foni yako yojambula mawu bwino ija. Agogo ako mawu ayamba kuchepa, ndipo nthano ya ng'ona ndi mkamwini ija palibenso wina pamudzi pano amene amaidziwa mpaka kumapeto.

Ndine bambo ako.