Maloya achinyamata, milandu ya apantchito ikusowa eni

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi achinyamata amene akuphunzira zamalamulo ku yunivesite ya Malawi ku Zomba ndi m'masukulu ena. Ambiri maso awo ali pa mabanki ndi makampani akuluakulu. Sindikuwadzudzula ayi, lendi salipira ndi chifundo. Koma milandu ya anthu apantchito ikusowa eni ake.

Malamulo tili nawo kale. Employment Act ya 2000 imaletsa kusala munthu pantchito chifukwa cha mtundu, chipembedzo, ulumali kapena poti ndi wamkazi. Imalamulanso kuti mayi woyembekezera apite kutchuthi cha masabata osachepera 8 akulandira malipiro ake onse. Gender Equality Act ya 2013 inaika chilango cha K1 miliyoni ndi zaka 5 kundende kwa munthu wovutitsa mnzake pofuna kugona naye.

Nanga zimenezi zimafika m'makomo mwathu? Mtsikana wantchito mimba ikangoonekera amauzidwa kuti "kapumeko kumudzi, tidzakuitana", n'kumuponyera ya basi yokha. Foniyo siidzalira. Mlonda amachezera pageti zaka ndi zaka popanda kalata yomulembera ntchito, ndiye tsiku lomuchotsa alibe ngakhale kapepala kosonyeza kuti anagwirapo pamenepo. Akalimba mtima n'kupita ku Industrial Relations Court, bwalo loweruza milandu ya pantchito, amakakhala yekha pabenchi, abwana atabwera ndi loya wa suti ndi chikwama chodzaza mafayilo. Ambiri amangosiyira panjira, ndalama ya minibasi yopitira kukhoti ikatha.

Ntchito yoimira anthu otere siilemeretsa msanga, n'zoona, komanso imafuna khama lomvetsera nkhani yosokonekera mpaka upezemo mlandu. Koma si yachilendo kuno. Mayi Vera Chirwa, loya woyamba wamkazi m'Malawi, atatuluka m'ndende mu 1993 sanakapume. Anayambitsa bungwe la Malawi CARER lothandiza anthu wamba kudziwa ufulu wawo.

Pempho langa likupita ku Malawi Law Society (bungwe la maloya) ndi Legal Aid Bureau (bungwe la boma lopereka maloya kwa anthu osauka). Pezani njira yoti loya wongomaliza kumene maphunziro azigwira milandu ya apantchito kwa chaka chimodzi kapena ziwiri akulandira malipiro oti n'kukhalira m'tauni. Ndipo mabungwe a apantchito, kuyambira likulu lawo la Malawi Congress of Trade Unions (MCTU), asamangodikira 1 May kuti agube. Alembe maloya awoawo, oti mlonda akachotsedwa ntchito Lolemba, Lachiwiri akhale ndi khomo logogoda.

Wowerenga wanu,
Chilomoni, Blantyre