Dandaulo pa mapaipi a molybdenum amene munandigulitsa

Kwa Mkulu Woona za Malonda

Bwana,

Ndine woumba mbale ndi makapu kuno ku Nkhotakota, ndipo ndimaotchera mu uvuni wamagetsi wofika madigiri 1,250 a Celsius. Mwezi wathawu ndinagula kwa inu mapaipi awiri a chitsulo cha molybdenum otetezera kachipangizo koyezera kutentha. Ndi odula, koma ndinalolera chifukwa munanditsimikizira kuti ndi okutidwa bwino ndi silicide, mankhwala oteteza chitsulocho ku mpweya.

Chimene ndinalipira ndi chokutiracho, bwana. Molybdenum payekha sasungunuka wamba, amafuna madigiri 2,623. Tsoka lake ndi mpweya. Akakhala wosakutidwa, moto ukayandikira madigiri 800, dzimbiri lake silikakamira pamwamba ngati la khasu. Limasanduka nthunzi n'kuuluka, chitsulo n'kumadyeka mpaka kutha. Silicide ikatentha imapanga kagalasi kopyapyala kamene kamatchinga mpweyawo. Ikasupuka pamalo amodzi okha, basi, mpweya wapeza khomo. Inu ogulitsa mukuzidziwa izi kuposa ine.

Nanga bwanji munawatumiza m'katoni yopanda ngakhale kansanza kowakulungira? Anabwera pa minibasi yodzera ku Salima, akugundana okhaokha njira yonse. Paipi imodzi inafika itakalika kunsonga. Ndinaimba foni tsiku lomwelo, mnyamata wanu n'kundiuza kuti ndisade nkhawa, ndingoika. Ndinamukhulupirira.

Kuotcha kwachitatu, utsi woyera unayamba kutuluka pa kabowo kosuzumirira. Usiku womwewo choyezera chinafa, moto unapitirira muyeso ine osadziwa. Uvuni utazizira ndinapeza paipi itadyeka, pakhoma pali ufa wachikasu, mbale zitapindika, zina zitamatirira pa mashelefu. Zinali za oda ya malo ena ogona alendo m'mphepete mwa nyanja, thukuta la masabata atatu la ine ndi amayi anayi amene timaumba limodzi. Kuwauza amayiwo kuti malipiro achedwa kunandiwawa kuposa kutaya dongo.

Paipi inayo sindinaikhudze, ikadali m'katoni yanu. Mudzaitenge, ndipo mundibwezere ndalama zanga zonse kapena munditumizire ena awiri, iliyonse yokulungidwa payokha. Za mbale zowonongekazo ndikufuna tikhale pansi tikambirane, chifukwa malangizo oti ndiike anachokera kwa inu. Lisiti ndi zithunzi ndaphatikiza. Masabata awiri akatha muli chete, nkhaniyi ndikaitula ku bungwe loona za chilungamo pa malonda la Competition and Fair Trading Commission.

Ine kasitomala wanu,
Woumba mbale wa ku Nkhotakota